Ndalama za Social Security zakwera ndi 2.8 peresenti, nanga n'chifukwa chiyani zimene zafika ku banki n'zochepa?

Mayi wa ku Indiana analemba:

Moni nonse abale ndi alongo, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku America ndipo munayamba kale kulandira ndalama za Social Security, zimene boma limapereka kwa opuma ntchito ndi aulumali. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira mu Disembala, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifunse poyera, pakuti safunsa anadya phula.

Amuna anga anadwala sitiroko zaka zinayi zapitazo ndipo anasiya ntchito, moti amalandira ndalama za aulumali zimene kuno amazitchula kuti SSDI. Chaka chathachi ndalama zawo zonse zinali $1,500 pa mwezi asanachotsepo za Medicare, inshuwalansi ya boma ya chipatala, ndipo ku banki kumafika $1,315. Titamva kuti chaka chino cha 2026 ndalamazi zikwera ndi 2.8 peresenti, ine ndinawerengetsa kuti tiziwonjezeredwa $42 pa mwezi, ndipo ndinakonzeratu kuti ndalama imeneyo ithandize pa lendi, chifukwa eni nyumba anatikwezera. Koma malipiro a Januwale atalowa ndinapeza $1,339, kutanthauza kuti kuwonjezerako ndi $24 yokha. Kalata imene inabwera kuchokera ku Social Security ndinaiwerenga kawiri, koma mmene anafikira pa chiwerengero chimenechi sindinamvetse bwino. Kodi 2.8 peresenti imeneyi amaipeza bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani sikufanana ndi mmene zinthu zakwerera m'sitolo ndi kogula mankhwala?

Funso langa lachiwiri likukhudza ine mwini. Ndinabadwa mu 1962, ndikugwirabe ntchito yosamalira okalamba, ndipo sindinayambe kutenga penshoni yanga chifukwa ndikufuna kudikira mpaka ndikwanitse zaka 67. Mnzanga wina kuntchito amandiuza kuti chaka chilichonse chimene ndikudikira ndikutaya zowonjezera za chakacho, popeza amangowonjezera anthu amene ayamba kale kulandira. Mawu amenewa andisokoneza kwambiri.

Lachitatu ndi la kumudzi. Tili ndi nyumba imene tikumanga pang'onopang'ono ku Ntcheu, ndipo cholinga chathu n'chakuti ndikapuma pa ntchito tibwerere. Ine ndinatenga unzika wa dziko lino, koma amuna anga ali ndi green card yokha, chiphaso chowalola kukhazikika kuno koma osakhala nzika. Kodi tikakhazikika kumudzi ndalamazi zizipitiriza kubwera, ndipo zizikwerabe chaka ndi chaka monga zikuchitira kuno?

Wopuma Ntchito wa ku Maryland anayankha:

Mayi, pepani ndi matenda a bambo, ndipo Mulungu apitirize kukupatsani mphamvu powasamalira. Ine ndinayamba kulandira penshoniyi mu 2015, ndipo chaka chotsatira cha 2016 sitinawonjezeredwe ngakhale khobidi limodzi, choncho nkhani imeneyi ndinakakamizika kuiphunzira bwino.

Chiwerengero chanu palibe chimene chalakwika. 2.8 peresenti ya $1,500 ndi $42 monga munawerengera, ndipo ndalama zonse za bambo tsopano ndi $1,542. Chimene chadya gawo la kuwonjezerako ndi Medicare Part B, imene amaichotseratu ndalama zisanafike ku banki. Mu 2025 inali $185.00 pa mwezi, ndipo mu 2026 yafika pa $202.90, kutanthauza kuti yakwera ndi $17.90. Mukachotsa $202.90 pa $1,542 mutsala ndi $1,339.10, ndipo lamulo limati masenti otsalawo atayidwe, n'kutsala $1,339 imene mwaionayo. Mwa mawu ena, pa $42 imene munayembekezera, pafupifupi theka lapita ku inshuwalansi ya chipatala, chifukwa Part B yakwera ndi pafupifupi 10 peresenti pamene ndalama zolandira zakwera ndi 2.8 peresenti yokha. Pali lamulo loteteza anthu ambiri amene Part B imachotsedwa pa ndalama zawo, lakuti kukwera kwa Part B kusachititse kuti zofika m'manja zichepe poyerekeza ndi chaka chatha, koma lamulolo sililetsa kuti kuwonjezera konse kumezedwe.

Tsopano za mmene amapezera chiwerengerocho. Kuwonjezera kumeneku, kumene amakutchula mwachidule kuti COLA, sachita kukambirana ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse, ndipo pulezidenti alibe mphamvu yokukweza kapena kukutsitsa. Kale zinali choncho ndithu, moti okalamba ankadikira kuti aphungu akhazikitse lamulo lapadera, koma lamulo la 1972 linasintha zimenezi, ndipo kuyambira mu 1975 kuwonjezeraku kumachitika kokha motsatira mitengo ya zinthu. Ofesi ya boma yotchedwa Bureau of Labor Statistics imalemba mitengo ya chakudya, nyumba, mafuta a galimoto, zovala, chipatala ndi zina mwezi uliwonse, n'kutulutsa muyeso wotchedwa CPI-W. Amatenga miyezi itatu yokha, Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala, n'kuyerekeza ndi miyezi yomweyo ya chaka cham'mbuyo, ndipo kusiyana kwake ndiko kumakhala COLA. Amalengeza mu Okutobala, ndipo mu 2025 analengeza pa 24 Okutobala, mochedwerako chifukwa ntchito zambiri za boma zinaima aphungu atalephera kugwirizana pa bajeti.

Chimene ndikufuna muchigwire bwino n'chakuti kuwonjezeraku si kukwezedwa malipiro monga abwana amakwezera wantchito wolimbikira. Ndi kukubwezerani mphamvu ya ndalama imene mitengo yakulandani kale, ndipo kubwezako kumabwera mochedwa. Mu 2022 zinthu zinakwera kwambiri, koma ife tinali ndi 5.9 peresenti imene anaiwerengera pa mitengo ya 2021, ndipo 8.7 peresenti imene aliyense amaikumbukira inafika mu Januwale 2023, titavutika kale chaka chathunthu. Kuchokera pamenepo zinatsika: 3.2 peresenti mu 2024, 2.5 peresenti mu 2025, ndi 2.8 peresenti mu 2026. Mitengo ikapanda kukwera m'miyezi itatu ija sawonjezera kanthu, monga zinachitikira mu 2010, 2011 ndi 2016, koma ngakhale mitengo itatsika sachepetsa ndalama zanu. Kuwonjezera kwakukulu koposa kunali 14.3 peresenti mu 1980, ndipo palibe amene angakhumbire chaka ngati chimenecho, chifukwa COLA ikakula ndiye kuti moyo unali utawawa kale.

Pa funso lachiwiri, mnzanuyo wakusokeretsani, ngakhale ndikukhulupirira kuti sanachite dala. Kuyambira chaka chimene munthu wakwanitsa zaka 62, COLA iliyonse imalowa m'chiwerengero cha penshoni yake, kaya wayamba kulandira kaya sanayambe. Inu munakwanitsa zaka 62 mu 2024, choncho 2.5 peresenti ija ndi 2.8 peresenti iyi zili kale m'kaundula wanu ndipo mudzazipeza tsiku limene mudzayambe kulandira. Chimene chimachepetsa penshoni ndi kuyamba msanga. Kwa inu obadwa kuyambira 1960, msinkhu wolandira penshoni yathunthu ndi zaka 67, woyamba pa zaka 62 amadulidwa 30 peresenti moyo wake wonse, ndipo wodikira kupitirira 67 amawonjezeredwa 8 peresenti pa chaka mpaka zaka 70. Popeza COLA imawerengedwa ngati gawo la ndalama zimene munthu akulandira, amene ali ndi penshoni yokulirapo amalandiranso madola ochuluka chaka chilichonse akamawonjezera. Ngati thanzi lanu ndi thumba lanu zikulola, kudikira sikukutayitsani COLA ngakhale imodzi.

Funso lachitatu ndiwasiyire ena odziwa bwino za malamulo a anthu amene si nzika.

Namwino wa ku Leicester anayankha:

Achemwali, ine ndili ku Britain ndipo malamulo athu ndi osiyana ndi anu, koma funso lanu lachitatu landikhudza mtima chifukwa ndi lomwelo limene ife anamwino ochokera kwathu timafunsana tikakumana. Ndilemba za kuno kuti muone kuti munachita bwino kufunsa musananyamuke, ndiponso chifukwa ndikudziwa kuti pali Amalawi ambiri a kuno amene akuwerenga.

Penshoni ya boma kuno imakwera mu Epulo motsatira dongosolo lotchedwa triple lock, limene boma linalengeza mu 2010. Amayang'ana zinthu zitatu, zomwe ndi kukwera kwa malipiro a anthu apantchito, kukwera kwa mitengo m'mwezi wa Sepitembala, ndi 2.5 peresenti, ndipo amatenga chimene chili chachikulu pa zitatuzo. N'chifukwa chake mu Epulo 2023 penshoni inakwera ndi 10.1 peresenti motsatira mitengo, pamene mu 2024 inakwera ndi 8.5 peresenti ndipo mu 2025 ndi 4.1 peresenti motsatira malipiro, kufika pa £230.25 pa sabata kwa wolandira penshoni yatsopano yathunthu. Koma ndalama za aulumali monga PIP sizili pansi pa dongosolo limeneli, zimangotsatira mitengo ya mu Sepitembala basi, moti mu Epulo 2025 zinakwera ndi 1.7 peresenti yokha pamene penshoni inakwera ndi 4.1 peresenti. Pamenepa inu a ku America muli bwino, chifukwa wopuma ntchito ndi wolumala amawonjezeredwa mofanana.

Chopweteka chili apa. Munthu akachoka kuno n'kukakhazikika kunja, penshoni yake imapitiriza kukwera pokhapokha ngati akukhala ku mayiko a mu European Economic Area, ku Switzerland, kapena ku dziko limene linagwirizana ndi Britain pa nkhaniyi, monga America, Jamaica, Philippines ndi Mauritius. Malawi mulibe m'gulu limeneli, chimodzimodzi South Africa, Zambia, Zimbabwe, ngakhalenso Canada ndi Australia. Wopita ku mayiko amenewa amalandirabe penshoni yake, koma imaima pa chiwerengero chimene anachoka nacho, osakweranso mpaka atabwerera kudzakhala kuno. Tangoganizani munthu amene anabwerera ku Blantyre 2023 isanafike: zowonjezera zitatu zimene ndatchulazi zonse zinamudutsa, pamene mnzake amene anagwira naye ntchito m'chipatala chimodzi n'kusankha kukakhala ku Spain anazilandira zonse. Mayi wina wa ku Britain wokhala ku South Africa, Annette Carson, anakasuma za nkhaniyi mpaka ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu ku Strasbourg, koma mu 2010 khotilo linagamula mokomera boma.

Ine ndatsala ndi zaka zisanu ndi chimodzi kuti ndipume, ndipo nkhani imeneyi yandichititsa kusintha mmene ndikusungira ndalama, chifukwa ndikufuna kukakalamba pafupi ndi abale anga ndipo ndikudziwa kuti penshoni ya boma idzayamba kuchepa mphamvu tsiku lomwelo limene ndidzatsike ndege ku Chileka. Zimandipweteka kuti tinasonkha mofanana ndi ena onse koma polandira atisiyanitsa chifukwa cha kumene tasankha kukagoneka mutu.

Wothandiza Aulumali wa ku Texas anayankha:

Mayi a ku Indiana, ntchito yanga ndi yothandiza anthu aulumali kulemba mafomu a chithandizo, choncho ndiyankhe funso lachitatu monga ndimalidziwira.

Ku America kulibe lamulo loimitsa COLA ngati limene achemwali a ku Leicester afotokoza. Munthu amene ali woyenera kulandira Social Security ali kunja amalandira pamodzi ndi kuwonjezera kwa chaka chilichonse. Inu monga nzika mukhoza kukhala ku Ntcheu zaka zonse ndipo penshoni yanu izibwera n'kumakwera. Nkhani ili pa bambo. Lamulo limati munthu amene si nzika akakhala kunja kwa America miyezi isanu ndi umodzi yathunthu motsatizana, malipiro ake amaima, pokhapokha ngati akugwera m'gulu la anthu amene lamulolo linawapatula, ndipo kupatulako kumadalira dziko limene ali nzika yake, zaka zimene anakhala kuno ndi zaka zimene anasonkha. Pa tsamba la Social Security Administration pali chida chotchedwa Payments Abroad Screening Tool chimene chimafunsa mafunso ochepa n'kukuuzani ngati malipiro apitirire. Chigwiritseni ntchito, kenako mupite ku ofesi mukafunse kuti yankholo akupatseni cholemba.

Palinso msonkho. Munthu amene si nzika ndipo sakuwerengedwanso ngati wokhala ku America pa nkhani za msonkho amadulidwa 30 peresenti pa magawo 85 mwa magawo 100 a ndalama zake, zimene zikutanthauza 25.5 peresenti ya ndalama zonse mwezi uliwonse. Kudula kumeneku n'kwakukulu kuposa COLA ya zaka zingapo kuphatikiza pamodzi. Ngati bambo akukwanitsa zofunika kuti atenge unzika, ndingakulangizeni kuti muyambe zimenezo musanasamuke, ndipo dziwani kuti pali fomu imene dokotala amalemba yopempha kuti munthu wodwala asalembe mayeso a Chingelezi ndi a mbiri ya dziko ngati matenda ake akumulepheretsa kuphunzira.

Musasokoneze SSDI ndi SSI, chifukwa ambiri amaziphatikiza. SSDI, imene bambo akulandira, imachokera pa zimene munthu anasonkha akugwira ntchito, ndipo akadzafika msinkhu wa penshoni yathunthu idzangosintha dzina n'kukhala penshoni, ndalama zake osasintha. SSI ndi chithandizo cha okalamba ndi aulumali osauka, mu 2026 inafika pa $994 pa mwezi kwa munthu mmodzi kuchoka pa $967, ndipo imeneyo imaima munthu akangokhala kunja mwezi wathunthu, ngakhale akhale nzika. Kumbukiraninso kuti Medicare silipira chipatala cha ku Malawi. Ena akasamuka amasiya Part B kuti asamadulidwe $202.90 pachabe, koma wofuna kudzalowanso pambuyo pake amalipira chindapusa cha 10 peresenti pa chaka chilichonse chathunthu chimene anakhala kunja kwa dongosololi, ndipo kwa munthu amene anadwalapo sitiroko chimenechi si chosankha mopupuluma.

Pa zimene bambo a ku Maryland afotokoza ndiwonjezere dandaulo langa. CPI-W imayeza zimene amagula anthu apantchito a m'matauni, osati okalamba kapena odwala, amene gawo lalikulu la ndalama zawo limathera ku mankhwala ndi nyumba. Ofesi yomweyo ili ndi muyeso wina wa anthu a zaka 62 kupita m'tsogolo, wotchedwa CPI-E, koma lamulo silinaulole kugwiritsidwa ntchito pa COLA. Chinanso n'chakuti pali ziwerengero zimene sizikwera n'komwe. Wolandira SSI saloledwa kukhala ndi chuma choposa $2,000, ndipo malire amenewa sanasinthe kuyambira 1989. Malire a ndalama amene munthu akawapitirira amayamba kukhoma msonkho pa Social Security yake, $25,000 pa chaka kwa munthu mmodzi ndi $32,000 pa chaka kwa banja, ali pomwepo kuyambira 1984. Choncho COLA ikamakweza ndalama chaka ndi chaka, anthu ochuluka amawoloka malirewo popanda kulemera ngakhale pang'ono. Inu Mayi, popeza mukugwirabe ntchito, malipiro anu amawerengedwa pamodzi ndi theka la ndalama za bambo poyeza malire a $32,000 aja.

Wopuma Ntchito wa ku Maryland anayankhanso:

Zikomo achimwene a ku Texas, mwatithandiza pa mbali imene ine sindikanaikwanitsa. Pa za malire osasinthawo ndikugwirizana nanu kotheratu. Koma pa CPI-E ndisiyane nanu pang'ono, kuti Mayiwa asaganize kuti muyeso umenewo ukanawapatsa ndalama zambiri chaka chilichonse. Pa zaka zambiri CPI-E imakwera mofulumirirapo pang'ono, zimenezo n'zoona, koma m'zaka zimene mafuta a galimoto anakwera kwambiri, monga 2021 ndi 2022, CPI-W ndi imene inali pamwamba, chifukwa anthu apantchito amawononga zambiri pa mafuta kuposa ife okalamba. Kwa ine bala lenileni ndi Part B, imene imakwera motsatira mtengo wa chipatala osati motsatira COLA.

Ndipo Mayi, pa za kumudzi muganizirenso ichi. COLA imayeza mitengo ya ku America, sidziwa mtengo wa thumba la chimanga kapena la simenti ku Ntcheu. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wolandira madola amaona ngati wapindula nthawi ngati zimenezo, koma mitengo ya kumudzi imathamanga kutsatira, ndipo pamene mtengo wa dola ku banki waima malo amodzi zinthu m'misika zikukwerabe, 2.8 peresenti ya kuno singakutetezeni. Powerengera za moyo wa kumudzi musadalire kuti kuwonjezeraku kuzikwanira.

Mayi wa ku Indiana anayankha:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Ndatenganso kalata ija n'kuiwerenga pamodzi ndi zimene bambo a ku Maryland alemba, ndipo $202.90 ndaiona pamzere wake, pomwe poyamba ndinkangoyang'ana chiwerengero cha pansi. Za penshoni yanga mtima wakhala pansi, ndidikira mpaka zaka 67 monga ndinakonzera, ndipo mnzanga uja ndikamufotokozera mawa kuntchito chifukwa iyenso amafuna kuyamba kutenga msanga pa chifukwa chomwecho.

Nkhani ya 25.5 peresenti sindinaimvepo n'kale lonse, ndipo yatidzidzimutsa tonse awiri. Amuna anga akhala ndi green card zaka 14, ndipo chimene chinkawaletsa kufunsira unzika ndi mantha a mayeso, popeza chiyambire kudwala amavutika kukumbukira zinthu. Tili ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wawo mwezi wamawa, ndipo ndikafunsa za fomu imene achimwene a ku Texas atchula. Achemwali a ku Leicester, ndili ndi msuweni wanga ku Nottingham amene akukonzekera kubwerera ku Zomba chaka chamawa, ndipo ndamutumizira zimene mwalemba usiku womwe uno.